Cider wotentha wa m'nyengo yachisanu: kuyerekeza njira zomukonzera pakhomo

Munthu amene wamva za chakumwa chotentha cha maapozi chotchedwa cider, n'kufuna kuchikonza yekha pakhomo, amayamba wakumana ndi vuto la dzina, chifukwa dzina limodzi lomweli limatanthauza zinthu ziwiri zosiyana malinga ndi dziko. Ku United States ndi ku Canada, apple cider ndi madzi ofinyidwa kuchokera ku maapozi, osasefedwa, ooneka mbuu, opanda mowa, amene ngakhale ana amamwa, ndipo anthu a kumeneko akafuna kunena woledzeretsa amawonjezera mawu akuti hard. Ku Britain, ku Ireland ndi ku South Africa, munthu akangoti cider ndiye kuti akunena mowa wa maapozi. Kusiyana kwake kuli ngati kwa thobwa ndi masese: chiyambi n'chofanana, koma china chasiyidwa kuti chisase mpaka chasanduka choledzeretsa. Choncho malangizo olembedwa ku Vermont ku America akawerengedwa ndi munthu wokhala ku Leeds ku England kapena ku Johannesburg, n'zotheka kuti munthuyo agule chinthu cholakwika n'kupatsa ana mowa asakudziwa.

Malangizo ambiri amathera nthawi yaitali pa mndandanda wa zokometsera, ngati kuti kukoma konse kuli mu sinamoni. Ine ndimaona kuti chakumwachi chimakoma kapena kuipa pa zinthu ziwiri zimene zimatchulidwa mongodutsa, zomwe ndi mtundu wa madzi a maapozi amene mwayambira ndiponso ukali wa moto. Zokometsera zimangokometsa chimene chilipo kale, ndipo sizingabise madzi opanda kanthu kapena juwisi amene wawira mpaka fungo lake lonse lathawa ndi nthunzi. N'chifukwa chake ndiyamba ndi madziwo, ndipo ndikhalitsapo.

Madzi a maapozi: njira zisanu zosafanana

Njira yofulumira kwambiri ndi kugula juwisi wa m'bokosi kapena wa m'botolo, woyera mbee uja amene amapezeka m'masitolo ambiri ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare, ndipo wambiri amachokera ku South Africa. Ubwino wake ndi wakuti m'mphindi 25 chakumwa chapsa, palibe chosefa chochuluka, ndiponso juwisiyo anaphedwa kale tizilombo kufakitale. Kuipa kwake kumachokera pa mmene amapangidwira. Juwisi wotere nthawi zambiri amasefedwa mpaka tizidutswa tonse ta chipatso tachoka, amachotsedwa madzi kuti akhale wa phalaphala wosavuta kunyamula, kenako amathiridwanso madzi poika m'mabokosi. Chotsatira chake ndi chakumwa chotsekemera koma chopepuka m'kamwa, ndipo chikatenthetsedwa kutsekemerako kumamveka kwambiri kuposa chikazizira. Wogula awerenge bwino zolembedwa pa bokosi, chifukwa pali kusiyana pakati pa juwisi wa 100 peresenti ndi zakumwa zolembedwa kuti nectar kapena fruit drink, zimene zili ndi madzi ndi shuga wowonjezera, ndipo zina zimasakanizidwa ndi mphesa kapena mapeyala a ku Ulaya. Zakumwa za gasi monga Appletiser ndi za maapozi enieni, koma gasiyo amatha akangomva moto, kotero n'kutaya ndalama kugula chinthu chodula chifukwa cha thovu limene mukufuna kulichotsa.

Njira yachiwiri ndi juwisi wa mbuu, wofinyidwa koma wosasefedwa, amene ndiye cider weniweni wa Amereka. Achewa okhala ku Britain amamupeza m'masitolo atalembedwa kuti cloudy kapena pressed, ndipo ku South Africa amapezeka m'masitolo akuluakulu komanso m'timisika ta m'mphepete mwa msewu ku madera olima maapozi monga Elgin, Ceres ndi Langkloof. Tizidutswa ta chipatso timene timachititsa mbuu uja ndi timene timapatsa chakumwa thupi, moti chimadzaza m'kamwa ndipo chimagwirana bwino ndi zokometsera. Kumene juwisi wotere amapezeka pa mtengo wofikirika, palibe chifukwa chovutikira ndi njira zina. Chofunika kusamala nacho ndi juwisi wa pafamu amene sanatenthetsedwe. M'chaka cha 1996 anthu ambiri ku America anadwala, ndipo mwana mmodzi anamwalira, atamwa juwisi wa maapozi wosatenthetsedwa yemwe anali ndi bakiteriya ya E. coli O157:H7, ndipo pambuyo pake boma la kumeneko linalamula kuti mabotolo a juwisi wotere azikhala ndi chenjezo. Kwa ife amene tikufuna kumwa chotentha, vutoli n'losavuta kulithetsa, chifukwa juwisi akafika madigiri 71 tizilomboti timafa. Choipa ndi kungomufunditsa pang'ono n'kupatsa mwana, mayi woyembekezera kapena munthu wokalamba.

Njira yachitatu ndi kufinya nokha maapozi aawisi. Amene ali ndi makina ofinyira zipatso amafunika maapozi okwana kilogalamu imodzi ndi theka kapena makilogalamu awiri kuti apeze lita imodzi. Amene alibe makinawo angathe kugaya zipatso mu blender, kuzipala pa chopalira karoti, kapena kuzisinja mumtondo wotsukidwa bwino, kenako n'kufinya phalalo pa nsalu yoyera, ngakhale kuti madzi otuluka ndi manja amachepa ndithu. Fungo la juwisi wotere ndi lamoyo kuposa la njira ina iliyonse, ndipo amasanduka wofiirira pakangopita mphindi zochepa chifukwa cha mpweya, monga mmene nthochi kapena mbatata yodula imadera, zomwe sizikutanthauza kuti waonongeka. Komabe sindiiyamikira njira imeneyi kwa munthu wogula maapozi ochokera kunja pa mtengo wa chipatso chimodzichimodzi, chifukwa imadya zipatso zambiri, ndipo fungo labwino lija, limene mwalilipirira ndalama ndi thukuta, limachepa likakumana ndi moto ndi cloves, timaluwa touma tonunkhira tokometsera zakudya. Juwisi wofinya kumene ndi bwino kumumwa wozizira.

Njira yachinayi, imene ndimaikonda kwambiri kwa munthu wokhala kumene juwisi wa mbuu sapezeka, ndi kuphika zipatsozo m'madzi. Mutenga maapozi 10 apakatikati, muwatsuka bwino, muwadula panayi osasenda, muchotsa njere ndi kachitsotso kouma ka kunsi, n'kuwaika mumphika waukulu pamodzi ndi zokometsera. Muthira madzi okwana malita awiri ndi theka kapena atatu, ongokwanira kumiza zipatso, muvundikira, ndipo madzi akayamba kuwira muchepetsa moto kuti azingonyenyemera kwa ola limodzi ndi theka. Zipatso zikafewa muzitikita ndi mthiko mumphika momwemo, muzisiya pamoto kwa mphindi zina 30, kenako musefa pa sefa, ndipo ngati mukufuna chakumwa chosalala musefanso pa nsalu. Mupeza pafupifupi malita awiri, kutanthauza kuti zipatso zomwe zikanapereka lita imodzi pofinya zakwanira banja lonse.

Chifukwa chimene njira imeneyi imaposera juwisi wa m'bokosi chili m'khungu la chipatso. Fungo lambiri la apozi limakhala m'khungu ndi pafupi nalo, ndipo m'khungu ndi pakati pa chipatso muli pectin, chinthu chomwe chimalimbitsa jamu, chimene chikasungunuka m'madzi otentha chimapatsa chakumwa kulemera kosangalatsa palilime. Khungu lofiira limaperekanso mtundu wokongola. Wosenda maapozi asanawaphike amataya mbali yabwino koposa. Njere ndimachotsa chifukwa zikaphwanyika zimawawitsa, ngakhale kuti zochepa zikatsalira zathunthu palibe choopsa. Ndiyenera kuvomereza kuti chotuluka m'njira imeneyi sichifanana ndendende ndi cider wa ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa United States, pakuti ndi msuzi wa zipatso zophika ndipo kukoma kwake kumapendekera ku apozi wophika, komanso n'chosatsekemera ngati juwisi chifukwa mwathira madzi. Kwa ine kuchepa kwa shugako ndi phindu, popeza kumandipatsa mpata wotsekemeretsa mmene ndikufunira. Mtengo wake weniweni ndi makala kapena magetsi a maola awiri, ndipo amenewo si ochepa.

Pali njira yapakati imene imathandiza tsiku limene nthawi ndi makala zachepa. Mutenga lita imodzi ya juwisi wa m'bokosi, mupaliramo zipatso ziwiri za maapozi owawasa ndi khungu lomwe, muthira kapu imodzi ya madzi, mutenthetsa pamodzi ndi zokometsera kwa mphindi 30, n'kusefa. Zipatso ziwirizo zimabwezeretsa thupi ndi kuwawasa zimene fakitale inachotsa, ndipo madziwo amachepetsa kutsekemera. Mwa njira zonse, imeneyi ndi imene ndingauze munthu woyamba kumene kuti ayese, chifukwa n'kovuta kuilakwitsa.

Njira yachisanu ndi ya akuluakulu okha, yomwe ndi kutenthetsa cider woledzeretsa. Kwawo kwa mwambo umenewu ndi kumadzulo kwa England, m'maboma a Somerset, Devon ndi Herefordshire, kumene alimi a maapozi amachita mwambo wa wassail m'mwezi wa Januwale. Dzinali limachokera ku malonje akale ofunira munthu moyo wathanzi. Kumudzi wa Carhampton ku Somerset mwambowu umachitika pa 17 Januwale, tsiku limene pa kalendala yakale linali usiku wa khumi ndi chiwiri kuchokera pa Khirisimasi, ndipo anthu amasonkhana m'munda wa zipatso, amaimbira mitengo, amapachika panthambi buledi woviika mu cider, amathira cider pamizu, n'kuchita phokoso lalikulu kuti aingitse mizimu yoipa ndi kudzutsa mitengo kuti idzabereke bwino. Cider wa kumeneko amapangidwa ndi maapozi apadera monga Dabinett ndi Kingston Black, amene ali ndi tannin wambiri, chinthu chija chimene chimaumitsa m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa, ndipo tannin ameneyu ndi amene amachititsa kuti chakumwa chotentha chisakhale chotsekemera mogwetsa ulesi. Wofuna njira imeneyi asankhe cider wopanda gasi kapena wa gasi wochepa, wosatsekemera kwambiri, n'kumusakaniza ndi juwisi, magawo awiri a cider pa gawo limodzi la juwisi. Savanna ndi Hunter's, zimene zimadziwika kum'mwera kwa Africa, zimatheka, koma zinapangidwa kuti zizimwedwa zozizira ndipo zikatenthetsedwa zimapepuka, kotero zimafuna juwisi wa mbuu kapena chipatso chopala kuti zikhale ndi thupi.

Pano pali chikhulupiriro choopsa chimene chiyenera kutsutsidwa mosabisa, chakuti mowa ukatenthetsedwa mphamvu yake yonse imathawa. N'zoona kuti mowa weniweni umawira pa madigiri 78, madzi asanawire, koma ukasakanikirana ndi madzi umachoka pang'onopang'ono kwambiri. Ziwerengero za unduna wa zaulimi wa ku America zimasonyeza kuti chakudya chothiridwa mowa chikaphikidwa kwa mphindi 15 chimakhalabe ndi pafupifupi 40 peresenti ya mowawo, ndipo pakatha ola limodzi pamatsalabe pafupifupi 25 peresenti. Cider woledzeretsa wotenthetsedwa ndi mowa basi, wosayenera ana, amayi oyembekezera ndi oyendetsa galimoto. Ndiponso kutentha kumene munthu amamva akamwa mowa n'konyenga, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi otentha n'kuthamangira kunja, thupi n'kumataya kutentha msanga. Pakhomo pamene pali ana kapena anthu osamwa, njira yanzeru ndi kukonza mphika umodzi wopanda mowa, ndipo wofuna brandy kapena rum athire supuni imodzi kapena ziwiri m'kapu yake.

Maapozi ake akhale otani

Mtundu umodzi wokha wa maapozi supereka chakumwa chokwanira. Otsekemera monga Royal Gala, Fuji ndi Golden Delicious amapereka shuga ndi fungo koma alibe ukali, pamene Granny Smith, wobiriwira uja amene anayambira ku Australia m'chaka cha 1868, amawawasa kwambiri moti payekha amafuna shuga wochuluka. Pa maapozi 10, ine ndimaika 7 otsekemera ndi 3 owawasa. Pink Lady ali pakati, ndipo ngati mukufuna kugula mtundu umodzi wokha, sankhani ameneyo. Okhala ku Britain ali ndi mwayi wa Bramley, apozi wophikira wowawasa kwambiri amene amasungunuka msanga pamoto, ndipo awiri okha amakwanira mumphika wonse. Mwayi wina ndi wa nyengo: ku South Africa maapozi amakololedwa kuyambira Januwale mpaka cha m'Meyi, kotero pamene chisanu cha Juni ndi Julayi chikuluma ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Nyanga ku Zimbabwe, kapena pamene chiperoni chakuta Blantyre ndi Thyolo, zipatso za chaka chomwecho zimakhala zili pamsika.

Maapozi ofota, ang'onoang'ono kapena osaoneka bwino ndi abwino kuphika, ndipo ogulitsa amatsitsa mtengo wake. Koma owola ndi ochita nkhungu ayenera kutayidwa, ngakhale zikhale zopweteka kutaya chinthu chogula. Nkhungu ya buluu imene imawoletsa maapozi imatulutsa poizoni wotchedwa patulin, amene satha ndi kuphika, ndipo n'chifukwa chake mayiko ambiri anaika malire a mamaikulogalamu 50 pa kilogalamu iliyonse ya juwisi wogulitsa. Kutentha kwa moto kumapha tizilombo koma poizoniyu amatsala. Chipatso chongotundudzika pogwa mungachidule mbali yofewayo, koma chimene chawola mpaka mkati chisalowe mumphika.

Zokometsera zathunthu, zogaya kapena za m'paketi

Pa nkhani imeneyi chigamulo n'chosavuta: zathunthu zimaposa zogaya. Sinamoni wogaya sasungunuka m'madzi, amayandama pamwamba, amakanda kukhosi, ndipo akakhalitsa pamoto amatulutsa utomoni woterera umene umasonkhana pansi pa mphika ngati therere. Timitengo ta sinamoni timapereka fungo pang'onopang'ono ndipo timachotsedwa mosavuta. Ngati muli ndi zogaya zokha, zimangeni m'kansalu koyera kopindidwa kawiri, muchepetse muyezo kufika theka la supuni yaing'ono pa lita imodzi, ndipo musefe musanamwe. Mapaketi osakaniza kale, olembedwa kuti mulling spice, ndi osavuta koma amadula, sudziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji pashelefu, ndipo kawirikawiri cloves amachulukamo. Masala a tiyi amene amagulitsidwa m'masitolo a amwenye amatha kugwira ntchito, malinga muonetsetse kuti ndi a tiyi ndipo mulibe adyo, mchere kapena tsabola wa ndiwo.

Pa malita awiri, muyezo umene ndimaudalira ndi timitengo tiwiri ta sinamoni, cloves 5, jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu wodulidwa mopyapyala, ndi khungu la lalanje limodzi. Sinamoni alipo wa mitundu iwiri. Wa ku Sri Lanka ndi wopyapyala, wokulungidwa mapepala ambiri ngati ndudu, wofewa moti amaphwanyika ndi zala, ndipo fungo lake ndi lofatsa. Wina, wotchedwa kasiya, amachokera ku China, ku Vietnam ndi ku Indonesia, ndi khungwa limodzi lokhuthala ndi lolimba, lofiirira kwambiri, laukali, lotsika mtengo, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri m'misika. Pa chakumwa ichi kasiya amachita bwino chifukwa samira pakati pa kutsekemera kwa juwisi. Ali ndi coumarin wambiri, yemwe angavulaze chiwindi cha munthu womudya wochuluka tsiku ndi tsiku, koma kamtengo kamodzi kogawana anthu anayi mwa apo ndi apo sikodetsa nkhawa.

Cloves ndi amene amaononga miphika yambiri. Timaluwa touma timeneti, timene Zanzibar ndi Pemba zinatchuka nato, tili ndi mafuta otchedwa eugenol, omwewo amene amachititsa dzanzi pa dzino lopweteka, ndipo tikachuluka chakumwa chimanunkha mankhwala ndipo lilime limachita dzanzi. Werengani kamodzikamodzi, musatape ndi dzanja. Jinja ndi amene amapereka kutentha kumene kumamveka pakhosi ndi pachifuwa, ndipo wamuwisi, yemwe savuta kupeza m'misika yathu, amaposa wouma pa fungo, ngakhale wouma amaluma kwambiri. Khungu la lalanje lisendedwe mopyapyala, kusiya choyera cha mkati, chifukwa choyeracho chimawawa chikakhala pamoto nthawi yaitali. Pa chifukwa chomwechi, amene akuphika zipatso kwa maola awiri aike khungulo m'mphindi 30 zomaliza, m'malo moponyamo lalanje lathunthu poyamba monga mmene malangizo ena amanenera.

Zina zonse ndi zongowonjezera. Allspice wa ku Jamaica amapezeka m'malangizo ambiri a ku America ndipo njere 6 zimakwana, star anise, kachipatso kouma kooneka ngati nyenyezi, mmodzi yekha amatha kulamulira mphika wonse moti osamukonda amusiye, ndipo nutmeg, njere yolimba yonunkhira, ndi bwino kumupala pang'ono pamwamba pa kapu pomwa. Njere zochepa za tsabola wakuda zimathandiza jinja. Chimene ndimachiona chothandiza kuposa zonsezi ndi masamba a tiyi. Popeza maapozi odya aawisi alibe tannin wa maapozi a ku Somerset, supuni imodzi yaing'ono ya tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, yoviikidwa mumphika kwa mphindi zitatu zomaliza, imabweretsa kuuma pang'ono kuja kumene kumachititsa munthu kufuna kapu yachiwiri. Pa mphika wa ana, rooibos amalowa m'malo chifukwa alibe caffeine, ngakhale tannin wake ndi wochepa.

Moto ndi chiwiya

Lamulo limene limakhudza njira zonse zoyambira pa juwisi ndi lakuti asawire. Kutentha koyenera ndi kwa pakati pa madigiri 70 ndi 80, pamene nthunzi ikutuluka ndipo timathovu ting'onoting'ono tikuoneka m'mbali mwa mphika koma pamwamba pali bata. Juwisi akabwata, fungo la chipatso limapita ndi nthunzi, wa mbuu amalekana n'kuchita zibuma, cloves ndi khungu zimayamba kuwawa, ndipo madzi akamaphwera shuga amachuluka. Nyumba yonse ikamanunkhira kwambiri, dziwani kuti fungo limene likanakhala m'kapu lili m'mwamba, choncho vundikirani mphika. Mphindi 20 mpaka 30 zimakwana, ndipo zikatha zokometsera zichotsedwe.

Chitofu cha magetsi kapena cha gasi ndi chosavuta kulamulira, koma mbaula ili ndi ubwino wake umene anthu ambiri saudziwa. Makala amene atsala nsima ndi ndiwo zikapsa, aja ayamba kuchita phulusa pamwamba, amapereka kutentha kofatsa kumene chakumwachi chimafuna, kotero juwisi ndi zokometsera zingatenthe pa moto umene ukanangozima wokha pamene banja likudya. Pa moto wa nkhuni chivundikiro n'chofunika kwambiri kuti utsi usalowe. Ndipo popeza tikunena za usiku wozizira, ndikumbutse kuti mbaula yoyaka isalowetsedwe m'chipinda chotseka mazenera, chifukwa mpweya wa makala sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Slow cooker, mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono umene mabanja ambiri ku Britain ndi ku South Africa ali nawo, ndi wabwino pa tsiku la alendo chifukwa umasunga chakumwa chotentha kwa maola angapo popanda wouyang'anira, ndipo ndi wabwinonso pophika zipatso, zimene zimafuna maola 6 kapena kuposerapo pa moto wake wochepa. Vuto lake ndi lakuti zokometsera zikaiwalika m'menemo tsiku lonse zimawawitsa, ndiponso magetsi akazima pakati ntchito yonse imaima. Microwave imathandiza munthu mmodzi wofuna kapu imodzi, koma mphindi ziwiri sizikwanira kuti kamtengo ka sinamoni katulutse fungo, choncho ndi yabwino kutenthetsera chakumwa chokonzedwa kale kusiyana ndi kukonzera chatsopano.

Fulasiki ndi imene ndimaiona kuti imanyozedwa popanda chifukwa. Mutsuka fulasiki ndi madzi otentha kuti ifunde, muikamo sinamoni, jinja ndi cloves atatu, mutenthetsa juwisi mpaka atatsala pang'ono kuwira, muthira, mutseka, n'kudikira mphindi 40 kapena ola limodzi. Moto mwagwiritsa ntchito mphindi zisanu zokha, palibe fungo lothawa chifukwa chiwiya n'chotseka, ndipo n'zosatheka kuwiritsa mopitirira. Kwa munthu wogwira ntchito usiku, mlonda, namwino kapena wophunzira wowerenga m'bandakucha, imeneyi ndiyo njira yoyenera. Fulasikiyo itsukidwe msanga mukamaliza, chifukwa fungo la cloves limakanirira ndipo tiyi wa mawa lake amalitenga.

Mphika wake ukhale wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamel wosasupuka. Mapoto a aluminiyamu, makamaka osula pamanja amene ali m'makhitchini ambiri, sagwirizana ndi zowawasa zokhalitsa pamoto, ndipo amatha kudetsa chakumwa ndi kuchipatsa kakomedwe ka chitsulo. Mphika umene mumaphikira nsomba kapena usipa usayandikire n'komwe.

Shuga aziikidwa pomaliza, mutalawa. Kapu imodzi ya juwisi wa maapozi ya mamililita 250 ili kale ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 6, kotero juwisi wa m'bokosi safuna wowonjezera, ndipo odwala matenda a shuga achenjere nacho chakumwachi ngakhale chitalembedwa kuti n'chachilengedwe. Chophikidwa kuchokera ku zipatso chimafuna masupuni aakulu atatu kapena anayi pa malita awiri. Shuga wa bulawuni amagwirizana ndi sinamoni kuposa woyera, ndipo uchi umakoma kwambiri ukathiridwa mphika utachoka pamoto, koma usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi. Chakumwa chikamveka chozizira m'kamwa ngakhale chili chotentha, nthawi zambiri chimene chasowa si shuga koma kuwawasa, ndipo supuni imodzi ya madzi a mandimu ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri zimachidzutsa. Masamba ochepa a duwa la chidede amachita chimodzimodzi, n'kuwonjezera mtundu wofiira.

Chotsala chisefedwe, chizizire, chiikidwe m'botolo loyera mufiriji, ndipo chimwedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi, mukutenthetsa chokhacho chimene mukufuna kumwa. Kumene kulibe firiji, konzani chokwanira tsiku lomwelo, chifukwa madzi a shuga osiyidwa pamalo ofunda amayamba kusasa okha ndipo botolo lotsekedwa kwambiri limatha kuphulika. Phala la maapozi limene latsala pa sefa lisatayidwe. Mukachotsamo zokometsera n'kulipyoza pa sefa ndi supuni kuti makoko atsale, limakoma m'phala la m'mawa, pa buledi, kapena mu ufa wa zikondamoyo.